Udzu wanga wa Rhodes ukupsa nsonga, kodi vuto ndi madzi amchere?

Moni alimi anzanga. Ma admin ndiloleni ndifunseko. Ndili ku Ngabu, ndimanenepetsa ng'ombe. Chaka chatha ndinadzala udzu wa Rhodes theka la ekala kuti ndizimanga mabelo odyetsa mu Okutobala ndi Novembala msipu ukatha. Ndimathirira ndi pampu ya sola kuchokera pachitsime chomwe ndinakumbitsa. Madziwo samweka, ngakhale tiyi amakoma mchere, koma ndinkati udzu sulawa.

Ulendo woyamba ndinamweta bwinobwino. Wachiwiri mabelo anatsika pafupifupi theka. Pano nsonga zauma ngati zawauka ndi moto, ndipo pamwamba pa mizere patuwa mbuu ngati wina wawazapo ufa. Ndinanyambita dothilo, ndi mchere weniweni. Ndinathira yureya poganiza kuti ndi njala, zinangoipiraipira. Nthaka yake ndi makande. Ndizule, kapena pali chochita?

Mlangizi wopuma: Bambo, udzu wanuwo ukufa ndi ludzu uli m'madzi. Mchere ukachuluka m'nthaka umakanirira chinyezi, mizu imalephera kuyamwa. Feteleza nayenso amawonjezera mchere, yambani mwamusiya. Rhodes ndi mmodzi mwa maudzu opirira mchere, ndiye ngati iyeyo wafooka, zafika patali. Yezetsani madziwo ndi kamakina ka EC, koyezera kuchuluka kwa mchere m'madzi m'ma dS/m. Pamuyezo wa FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, osafika 0.7 dS/m alibe vuto, kuyambira 0.7 mpaka 3 ndi ofuna kusamala, opitirira 3 ndi oopsa. Dothi mukhoza kupita nalo kukayezetsa ku malo a kafukufuku wa zaulimi ku Bvumbwe. Kodi mumathirira bwanji?

Mwini funso: Zikomo bambo mlangizi. Pang'onopang'ono tsiku lililonse, cha m'ma 11 koloko pampu ikagwira mphamvu.

Mlangizi wopuma: Ndi pomwepo. Ndi dzuwa la ku Chigwa cha Shire, madzi ochepawo amauma msanga n'kusiya mchere pamwamba, mawa mwawonjezeranso wina. Sungani madzi m'thanki, muzithirira madzulo, ambiri nthawi imodzi, kuti mchere utsike kupitirira mizu. Koma makande satulutsa madzi msanga, ndiye popanda ngalande kumunsi kwa munda mungopanga dambo lamchere.

Mayi wa ku Nchalo: Achimwene, ife zinatichitikira ndi nsenjere, inatha yonse. Tinasiya kapinga yemwe anamera yekha m'mphepete, mpaka lero ali gwa, ng'ombe zikudya. Mabelo ake ndi ochepa, inde, koma kuli bwino kusiyana ndi kubwera chimanjamanja. Muziphimbiranso ndi manyowa owola ndi mapesi kuti nthaka isamaume pamwamba.

Membala wina: Thirani jipisamu, ufa woyera uja wokonzera nthaka, basi, nkhani yatha.

Mlangizi wopuma: Ayi, musathamangire kugula. Jipisamu amathandiza pomwe sodiyamu wachuluka, dothi n'kumata osalowa madzi. Mchere wa m'madzi sachotsa. Yezetsani kaye.

Mnyamata wa ku Bangula: Akuluakulu, mwina mungotsegula fakitale ya mchere, msika ulipo kale.

Mwini funso: Iwe mphwanga usandiseketse, ndili pamavuto. Ngalande ndikumba sabata ino, madzi nditunga m'botolo Lolemba. Koma funso lina bambo mlangizi: mvula ikabwera mu Disembala idzatsuka mcherewu yokha, kapena ndigaule kaye kuti madzi azilowa? Ndikuopa kugaula n'kuwononga zitsa zomwe zikadali zamoyo.