Za ma push-up aja: ndinatsitsa chiwerengero

Mwezi watha ndinafunsa ngati n'kwanzeru kupanga ma push-up 200 ndi ma squat (kunyonyomala n'kuimirira) 200 tsiku lililonse kuti ndilimbe pa karate. Ambiri a inu munandiuza kuti ndichepetse. Sindinamvere msanga, ndipo pasanathe sabata mapewa anayamba kuwawa, moti ngakhale kuponya chibakera kumandivuta.

Aphunzitsi athu a karate anandilangiza kuti ndiyambire pa theka la zimene ndimakwanitsa osapuma. Ine ndimafika ma push-up 30, choncho tsopano ndimapanga 15 katatu, ma squat 20 katatu, kenako plank (kukhala thupi lili chowongoka, nditatsamira pa zigongono ndi zala zakumapazi) ya masekondi 40 kawiri. Zonsezi zimatha m'mphindi 15. Lachitatu ndi Lamlungu sindipanga kanthu, chifukwa minofu imamangika munthu akamapuma ndi kugona bwino.

Chandithandiza kwambiri ndi nthawi. Kuno ku Salima dzuwa la Okutobala silichita masewera. Ikangokwana 9 koloko thukuta lili kale kamukamu. Ndiye ndimadzuka 5 koloko n'kupita kumchenga ku Senga Bay, asodzi akubwerako kunyanja ndi usipa wawo. Mchenga umagwiritsa ntchito akakolo kwambiri kuposa simenti, ndipo kiba-dachi, kaimidwe kotangadza miyendo kamene kankandinjenjemeretsa, tsopano ndimakhalapo mphindi yathunthu. Zimenezi zandisangalatsa kwambiri.

Sabata iliyonse ndimawonjezera awiri okha. Mng'ono wanga wayamba kunditsatira m'mawa, ndipo iye ndamuyambitsa ndi ma push-up 5, mawondo ali pansi.