Ndalama tinasonkha ija: simenti ya kiriketi kapena mjigo?

Wapampando: Abale tigwirizane lero. Maganizo alipo awiri, kuthira simenti ya kiriketi pa bwalo la sukulu kapena kukonza mjigo wa kumsika uja.

Malume a ku Harare: Ine ndili pa kiriketi. Kuno ku Highfield ndi komboni, ana ake ngosauka ngati athu omwewo koma ndi komwe kunachokera Tatenda Taibu. Anabadwa 1983, anayambira pa pulayimale ya Chipembere kenako kalabu ya Takashinga, pofika 2004 ali ndi zaka 20 zokha anampatsa ukaputeni wa Zimbabwe, nthawi imeneyo kunalibe kaputeni wa Test (kiriketi ya masiku asanu ya pakati pa mayiko) wamng'ono kuposa iyeyu dziko lonse lapansi. Mwana wathu angalephere chani?

Anaphiri: Malume mwakhalitsa kunja inu. Azimayi akutunga madzi kudambo pano, mvula ikangoyamba kolera ali pakhomo. Simentiyo timwa?

Aphunzitsi: Mayi akunena zoona. Komanso malume nkhaniyo mwaidula pakati. Taibu sanaphunzitsidwe ndi simenti, panali Stephen Mangongo amene ankatola ana a ku Highfield nkumawaphunzitsa. Ife kuno ndani akudziwa ngakhale kagwiridwe ka bat, thabwa lomenyera mpira lija? Tithira simenti anthu azidzayanikapo mphale basi.

Malume a ku Harare: Aphunzitsi apo ndagwirizana nanu, nde nchifukwa chake ndikumutchula Taibuyu. Anasiya kusewera 2012 ali ndi zaka 29 nkupita ku ntchito ya mpingo koma anabwereranso, 2016 anakhala mkulu wosankha osewera a timu ya dziko, anatsegula academy ya Rising Stars nkutenga anyamata kupita nawo ku England kukasewera, Zimbabwe italephera kupita ku World Cup ya 2019 anamuchotsa limodzi ndi makochi koma sanataye mtima, mpaka anakakhala kochi wa Papua New Guinea. Mwana mmodzi wophunzitsidwa bwino amadzaphunzitsa ena ambirimbiri.

Anaphiri: Zonsezo nzabwino koma mjigo kaye chonde.

Aphunzitsi: Mjigo sungadye ndalama yonse, ndi ma rod ndi marabala okha afa. Yotsalayo tigule bat ziwiri ndi mipira ya tenesi, ana ayambire pa dothi pompo. Ine ndingapite kukaphunzira ukochi ngati bungwe la kiriketi kuno ku Malawi lingatilandire.

Malume a ku Harare: Bat ndigula ndine, nditumiza pa basi.

Wapampando: Chabwino. Amlembi kafunseni mtengo kwa okonza mijigo mutiuze Loweruka, za simenti tidzakambanso tikaona kuti ana akubwera angati.