Kodi woimba wamba azichita bwanji akakumana ndi oimba otchuka?

Akuluakulu amene mwakhalitsa pa ntchito yoimba nyimbo za rock, ndikupempha nzeru zanu. Ndimaimba gitala m'gulu lomwe nthawi zina limaitanidwa kukayambirira kuimba oimba otchuka asanakwere pansanja, ndipo podikira nthawi timapezeka nawo m'chipinda chimodzi. Jimmy Page, woimba gitala wotchuka wa ku England, ankaimbira anthu ena gitala m'masitudiyo a ku London asanakhazikitse gulu loimba la Led Zeppelin mu 1968, choncho sindipeputsa mwayi wodziwana ndi anthu oterewa. Komabe ambiri amafika atatopa ndi ulendo, ndipo kuwapempha kuti tijambulitse nawo ndimakuona ngati kudzichotsa ulemu. Kodi ndi bwino kuwapatsa nyimbo zathu pamanja, kapena tizidzera kwa manijala wawo? Nanga inu munkatani kuti adzakuitaneninso?