Tapulumuka ku ngongole, pano atcheya akufuna Super League. Bajeti ndiyikonze bwanji?

Msungichuma wa ku Chiputula: Akuluakulu anzanga oyendetsa matimu ndithandizeni nzeru, Loweruka tili ndi mkumano wa komiti ndipo mutu wanga waima. Ambiri mukudziwa zomwe zinatigwera sizoni yatha, siponsa anangoti zii ligi ili pakati, foni osayankha, ife tili ndi ngongole ya mabonasi a anyamata magemu 9, ya mwini minibasi, ya mayi amene amatiphikira ku kampu, komanso malo ena ogona ku Karonga komwe tinachita kusiya jezi yathu yachiwiri ngati chikole kuti atilole tizipita. Timu inatsala pang'ono kutha. Masapota anasonkha, ena a ku Joni anatumiza kangachepe, tinagulitsa anyamata awiri, ndiye zikuluzikulu tabweza kwangotsala ya amayi aja ndi mabonasi a magemu 3.

Pano kwapezeka bambo wina wa hardware walonjeza kutinyamula sizoni yonse, theka wapereka kale lili ku akaunti. Koma atcheya akuti chaka chino tichoke mu ligi ya chigawo tikwere National Division, chamawa Super League, ndiye akufuna tisayine osewera 7 amene asiyidwa ndi matimu akuluakulu. Ndawerengera kawiri, ma signing on fee okha, ndalama zowapatsa posayina, akudya pafupifupi yonse yalowayo. Ndikati tidekhe akuti ndilibe masomphenya. Inu munatani zitakuonekerani zotere?

Team Manager Rumphi: Bwana musayambe ndi osewera, yambani ndi fikisicha. Tengani pepala lembani magemu onse akoyenda, lililonse pambali pake makilomita, mafuta, hayala, chakudya ndi kogona. Mzuzu Karonga ndi makilomita oposa 200 kupita kokha, ndipo pa Chiweta ndi minibasi yodzaza anthu 25 ndi zikwama mafuta sayenda monga amakuuzani dalaivala muli pa depoti. Ku Chitipa ndiye musanamizane kuti mupita ndi kubwerera tsiku lomwelo, tinayesapo ife anyamata anatsika miyendo itauma ngati nkhuni, mphindi 20 zoyamba tamwa kale ziwiri. Mukaphatikiza zonsezo onjezerani kena pamwamba. Mu November 2023 kwacha itagwa ndi 44% bajeti yathu yomwe tinaikonza bwinobwino inasanduka pepala lokulungira mandasi, mwini basi anakweza hayala sabata yomweyo. Yotsala pamenepo ndiyo yogulira osewera.

GS (mlembi wamkulu) Luwinga: Ine funso langa ndi limodzi achimwene, theka linalo mwalemberana? Chifukwa ndalama ya m'kamwa si ndalama. Amene anakuthawani uja naye analonjeza sizoni yonse si choncho? Pitani kwa bambo a hardware aja mwaulemu ndi kapepala ka tsamba limodzi, kanene kuti apereka zingati, tsiku liti, ku akaunti ya timu osati pa Airtel Money ya atcheya, ndipo inu muwapatsa chani, dzina pa jezi, chinsalu pabwalo, anyamata kukaonekera pa shopu mwezi uliwonse. Munthu wa bizinesi weniweni sakhumudwa ndi pepala, amakondwera kumene. Akayamba zoti bwanji simukundikhulupirira dziwani kuti bajeti yanu ndi theka lalowa lija basi.

Kaka wa pa Zolozolo: kkkkk jezi ili pa chikole ku Karonga koma maloto ali pa Bingu Stadium, atcheya ndi ngwazi

Msungichuma wa ku Chiputula: Jezi tinakaombola akulu, musatiyalutse kkk. A GS zoona sitinalemberane, anangoyankhula pamaso pa komiti tinaomba m'manja basi.

Kochi Mchengautuwa: Ine ndiwaikirako kumbuyo atcheya pang'ono. Timu yopanda choilondola anyamata amagwa ulesi, masapota nawo sangasonkhe chaka ndi chaka kuti muzingothera pa nambala 8. Mzuzu City Hammers anatenga Castel Challenge Cup mu 2024 pamaso pa Wanderers, mzinda uno onse tinaona kuti zimatheka. Ndiye kulota si mlandu.

Koma 7 ayi. Ndalandirapo osewera otsika kuchokera kumwamba, pa 7 amene amakuthandizadi ndi awiri mwina atatu, enawo amabwera ndi bondo lomwe sanakuuze, ena afuna muwalipirire nyumba ku Katoto chifukwa ku kampu sangagone pamphasa ndi ana, ena ku thireningi amabwera Lachinayi lokha. Mukafuna kugula gulani msana wa timu, goloboyi, wotseka kumbuyo pakati mmodzi ndi womwetsa zigoli mmodzi, ena onse tolani konkuno, ku Chibavi, ku Masasa, ku Ekwendeni ana aluso ali mbwee akungomenya mpira wa mabonanza.

Ndipo chinthu chomwe komiti yanu sikuchiona ndi ichi. Muli ndi anyamata amene anasewera magemu 9 osalandira kanthu, ena ankabwera ku thireningi atatsika pa kabaza thukuta lili kamukamu, timu sanaithawe. Mawa aone mlendo akulandira envelopu yonenepa iwo mabonasi a magemu 3 akadali m'buku lanu? Mudzaona okha gemu yoyamba, mpira samupatsa mlendoyo, adzangothamanga yekha kutsogolo ngati wasochera. Zinandichitikira ine, kapiteni anandiuza m'maso kuti kochi amene mwamulipirayo achinye yekha.

Mayi Treasurer Nkhata Bay: Yewo kochi mwanena zoona. Ndipo amayi ophika aja alipireni mawa lomwe musadikire Loweruka. Ndi ndalama yochepa pa zonse koma ndi imene imanyozetsa timu kwambiri, iwo anatenga ufa ndi usipa pa ngongole kumsika m'dzina lanu, mwinanso anakatapa ku banki mkhonde, chiwongoladzanja chikukwera pamutu pawo inu mukukambirana za Super League.

Mdala wa ku Katawa: Ana anga ndakhala m'makomiti a mpira kuyambira nthawi ya a Nyamilandu mpaka a Haiya pa utsogoleri wa FAM, bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno, ndiye mverani. Atcheya anu afunseni funso ili pamaso pa anthu: tikakwera, tidzayendera chani? Kuyambira 2025 pali National Division pakati pa ligi ya chigawo ndi Super League, kutanthauza kuti musanalawe n'komwe ndalama za pageti za gemu ya Bullets kapena Wanderers pa Mzuzu Stadium, muyenera mwayenda kaye sizoni yathunthu dziko lonse, kudutsa Chikangawa kupita pakati mpaka kummwera, ulendo umodzi masiku atatu. Kukwera kumene ndiye kumapha matimu ambiri, osati kukhala pansi.

Onani amene amakhazikika kumwambako. Moyale kumbuyo kwake kuli asilikali, Silver kuli Reserve Bank, Bullets kuli kampani. Wanderers ndi ukulu wake wonse uja siponsa wawo Be Forward atachoka nthawi ya Covid anavutika mpaka a Thom Mpinganjira analowererapo. Inu muli ndi munthu mmodzi wa shopu ya simenti ndi malata, akadwala kapena katundu akamuvuta kuoda chifukwa cha forex, timu yadwalanso.

Kwinako kuli club licensing ya FAM, safunsa kuti munachinya zigoli zingati. Afuna timu yolembetsedwa mwalamulo, mabuku a ndalama owunikidwa, makontirakiti a osewera, kochi wa mapepala, timu ya achisodzera, ndipo ngongole za osewera siziyenera kukhalapo. Zimenezi sizikonzeka sabata imodzi. Za pageti nazo musaziwerengere kwambiri, akachotsa za apolisi, masteward, eni bwalo ndi mabungwe, chofika ku timu mumachita kuyang'ana kawiri.

GS Luwinga: Pa makontirakiti pomwepo, anyamata awiri munagulitsa aja munaikamo zoti akagulitsidwanso mudzalandireko? Ngati ayi ulendo uno musaiwale. Ndipo ana amene mutole kumabonanza alembetseni mwachangu mu Mpira Connect, kaundula wa osewera wa FAM, asayine zaka ziwiri kapena zitatu, apo ayi mukuphikira anzanu, adzawatenga ulele.

Msungichuma wa ku Chiputula: Sitinaikemo a GS, tinali pamoto tinangolandira zomwe anatipatsa.

Msungichuma wa ku Chiputula: Ndabwera ndi lipoti akuluakulu. Mkumano unatenga maola 4. Ndinapita ndi mapepala awiri, lina la maulendo monga ananenera a Rumphi, lina la osewera 7 aja, ndinangowayala patebulo osayankhula zambiri, wachiwiri kwa atcheya atawerenga anavula magalasi n'kufunsa kuti ndiye ku Chitipa tidzapita wapansi? Tagwirizana kusayina atatu okha ndipo ndalama yawo tipereka magawo awiri. Amayi ophika ndawalipira Lachisanu, analira. Mabonasi a magemu 3 atuluka sabata ino asanafike mlendo aliyense. Ndalama ya maulendo a raundi yoyamba tayiika padera, kutapa mpaka anthu atatu a m'komiti tisayinire limodzi.

Chomwe chakanika ndi pepala la siponsa. Atcheya akuti apita okha chifukwa ndi mnzawo wa ku tchalitchi, ine ndisapite nawo ndingakawaopseze bambowo. Ndiye a GS nditumizireni ku inbox chitsanzo cha kapepala kanu kaja, ndiwapatsire atcheyawo m'manja, tione ngati kabwere kosayinidwa.

Kaka wa pa Zolozolo: kakabwera kosayinidwa ine ndigula mipira iwiri, lembani