Mawu oti bank: gombe ndi ndalama zikukumana pati?

Bambo a Chisomo, Lifuwu:

Moni nonse muno. Ndili ndi funso kwa amene Chingerezi munachilowa mozama. Mwana wanga wamkazi ali Fomu 2, sabata yathayi wabwera ndi pepala la mayeso a pakati pa teremu nkhope itagwa. Ndime yomwe anawapatsa kuti awerenge inali ya asodzi, nde penapake panalembedwa kuti "the fishermen pulled the canoe up the bank and counted their catch". Funso linali loti asodziwo atachoka pamadzi anapita kuti, iye nkuyankha kuti anapita kukasungitsa ndalama za nsomba. Aphunzitsi anathetha ndi bolopeni yofiira nkulemba pambali kuti read carefully.

Chandiwawa nchoti mwanayu anawerenga bwinobwino, anaona counted nkuonanso bank, ndipo wakula akuona amalume ake akagulitsa usipa ku Senga Bay mawa lake amakwera galimoto kupita kuboma kukasiya ndalama. Ineyo ndimadziwa kuti bank ndi gombenso, koma atandifunsa kuti "adadi, nanga gombe ndi ndalama zikugwirizana pati kuti azipatse dzina limodzi" ndinasowa chonena. Ndatsegula dikishonale ya pafoni ndapeza matanthauzo ali ndandanda, mpaka akuti ndege ikamakhota m'mwamba imapanganso bank. Nde ndithandizeni abale, kodi ndi mawu amodzi omwe anabereka ana ambiri, kapena ndi mawu osiyana ongofanana nkhope? Ndikufuna ndimuuze zoti zimukhale m'mutu osati kungoloweza.

Mphunzitsi wopuma, Nkhotakota boma:

Bambo a Chisomo, mwanayo mumuuze asataye mtima. Ndaphunzitsa Chingerezi zaka zambiri ndisanapume, mafunso otere amagwetsa ana anzeru omwe, chifukwa iwowo ndi amene amalumikiza zinthu.

Zonse ziwiri mwanenazo nzoona. Ndi mawu awiri amene analowa m'Chingerezi nthawi zosiyana, aliyense njira yake, koma mukawalondola kumbuyo kwenikweni gogo wawo ndi mmodzi.

Wamkulu ndi bank wa gombe. Ameneyu amapezeka kale m'zolemba za cha m'ma 1200, ndipo anabwera ndi anthu a ku Scandinavia, ma Viking aja, omwe anayamba kuukira England mu 793 kenako nkudzakhazikika kumpoto ndi kum'mawa kwa dzikolo. Omwewo ndi amene anasiyanso mawu ngati egg, sky ndi window. Tanthauzo lake ndi nthaka yokwera, kamtunda, ngati timizere tija mumaunda m'mbali mwa munda wa mpunga kuti madzi asathawe. Nchifukwa chake madzi atavuta ku Dwangwa mu February 2024 nyuzi za Chingerezi zimati the river burst its banks, pomwe ife timangoti mtsinje wasefukira. Mchenga wounjikana m'madzi ngati wa Sungu uja timauona tikaima padoko kuno akuti sandbank. Ndipo West Bank imene mumamva pawailesi akamakamba za Israel ndi Palestine ilibe kauntala kapena mzere wa anthu, ndi dera la kumadzulo kwa mtsinje wa Yorodano basi.

Bank wa ndalama ndi wamng'ono, analowa kumapeto kwa zaka za m'ma 1400 kuchokera ku Italy kudzera m'Chifalansa. Kumeneko banca linali benchi, kapena titi tebulo lalitali. M'mizinda ngati Florence, Venice ndi Genoa munkabwera amalonda a m'maiko osiyanasiyana aliyense ndi makobili akwawo, nde panali anthu okhala pamsika ndi tebulo lawo, sikelo ndi buku, ntchito yawo kusintha ndalama ndi kukongoza. Dzina la tebulolo linasanduka dzina la bizinesi yonse. Banja la Medici linatsegula banki yawo ku Florence mu 1397, ndipo ku Siena kuli ina yomwe inayamba mu 1472 mpaka lero ikugwirabe ntchito.

Pokumana pake ndi apa: a ku Italy mawu oti banca anawatenga kwa mitundu yakale ya Chijeremani, ndipo muzu wake ndi womwewo unabereka bench ndi bank wa ma Viking uja. Chinthu chokwera pang'ono, chosalala pamwamba. Gombe ndi benchi la dothi, tebulo la wosintha ndalama ndi benchi la matabwa. Nde benchi limene timakhalira kutchalitchi ndi banki yomwe timalandirirako penshoni ndi pachibale.

Mwanayo mumufunse kuti mtengo ndi chani. Akati wa mango, inu muti nanga wa shuga? Aona yekha kuti nafenso tili nawo mawu amene amadikira anzawo oyandikana nawo kuti amveke.

Nangozo, Chipoka:

Aphunzitsi mwandikhudza ndithu. Ine ndine mlembi wa gulu lathu la banki m'khonde, chaka chachinayi tsopano, ndipo mmene mumafotokoza za anthu a ku Italy ndi tebulo lawo pamsika ndimangoona ife Lachinayi masana, mphasa yoyala pakhonde la amayi a mpando, bokosi lachitsulo la maloko atatu lili pakati, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana ndipo bokosilo limagona kwa munthu wachinayi yemwe alibe kiyi ngakhale imodzi, mbale imodzi ya masheya ina ya ndalama zadzidzidzi, wina akuwerenga mokweza ena tonse maso ali pamanja pake. Pali achibale ena a m'tauni amatinena kuti imeneyo si banki ndi masewera a azimayi, zimandipweteka chifukwa malata a nyumba yanga anachokera m'bokosi lomwelo. Kumva lero kuti dzinalo linayambira pa benchi osati pa nyumba ya magalasi ndiye kuti ife a pakhonde tili pafupi ndi chiyambi chake kuposa iwo.

Potiphunzitsa anatiuza kuti njira imeneyi inayambira ku Niger mu 1991 ndi bungwe la CARE pakati pa azimayi akumudzi, kenako nkufalikira maiko ambiri. Koma dzina loti m'khonde ndi lathu lomwe, ndipo amene analiganiza anachita ngati a ku Italy aja, kutchula chinthu ndi malo amene anthu amakhalapo pochichita.

Funso langa aphunzitsi, nanga bankrupt? Mawu amenewa ndimawamva kampani ikagwa, akuchokeranso pa benchi pomwepo?

Jay wa mafoni, Kamuzu Road:

Ine pashopu panga bank amene ndimagulitsa tsiku lililonse ndi pawa banki kkk, magetsi akangozima masana anthu amabwera ngati njuchi. Agogo ena anandifunsapo kuti mwana wanga, kabokosi aka mwakatchula banki bwanji, ndinawauza kuti mumasungitsamo moto magetsi akakhalapo nkudzatapa akazima, anamva pompo osafunsanso kawiri. Nde ndikuona ngati chilichonse chosungira pano chodzatapa mawa azungu amangoti bank. Blood bank kuchipatala, ameneyo ndinawerenga kuti dzinalo analiyambitsa ndi dokotala wina Bernard Fantus ku Chicago mu 1937. Kuli seed bank, yaikulu ili ku Svalbard ku Norway mkati mwa phiri lozizira, anatsegula 2008, amasungako mbewu za maiko ambirimbiri. Palinso ija mabwana amakonda, I'm banking on you, kutanthauza ndikudalira iwe, ngati waika chuma chako chonse mwa munthuyo.

Che Mdala, Chia:

Aphunzitsi ndikupatseni ulemu wanu, mwafotokoza zomveka, koma pa mtengo paja sindikugwirizana nanu kwenikweni. Tchulani mokweza, mtengo wa mango kenako mtengo wa shuga. Sizimveka chimodzimodzi. Wa mango mawu amakwera pa te, wa shuga amangoyenda pansipansi. Papepala mpamene amafanana, pakamwa Mchewa sasokoneza. Pomwe bank wa mzungu kaya ndi wa gombe kaya wa ndalama katchulidwe nkamodzi, khutu silikuthandiza, nde mwanayo ntchito yake inali yovutirapo kuposa ya mtengo.

Zimene wanena Jay ndimazifanizira ndi mutu. Mutu wa munthu, mutu wa nkhani, mutu wa banja, mutu wa sitima ya pamtunda, onsewo ndi mawu amodzi amene akungotambasuka, ukadziwa woyambayo enawo umawamva wekha. Ndiye ana tiwauze kuti mabanja ndi awiri, la kamtunda ndi losungira, akakumana ndi bank aliyense adzifunse kuti uyu ndi wa banja liti.

China chimene chimandidandaulitsa, bwanji timathamangira kunena kuti blood bank pomwe nkhokwe tili nayo? Nkhokwe ya magazi, nkhokwe ya mbewu, agogo aliyense amva osafuna womasulira. Banki ya ndalama ikhale banki, imeneyo inakhazikika, ngakhale Reserve Bank yathu yomwe inayamba ntchito mu 1965 pawailesi amati banki yaikulu ndipo palibe amadabwa. Koma ana athu kuno ku Chia ambiri nkhokwe yeniyeni yoluka sanaionepo, chimanga chimagona m'matumba kuchipinda, tikapanda kuwapatsa mawuwa ntchito yatsopano afera m'mabuku.

Mphunzitsi wopuma, Nkhotakota boma:

Che Mdala mwanena zoona, ndatchula ndekha kangapo pano ndipo akusiyanadi. Chitsanzo chanu cha mutu chikukwana bwino pa banja losungiralo, ndachitenga.

Mayi Nangozo, inde ndi benchi lomwelo. Ku Italy amati banca rotta, kutanthauza benchi lothyoka, ndipo mawuwa analowa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1500. Nkhani imene imakambidwa ndi yoti wosintha ndalama akalephera kubweza za eni ake ankamuthyolera tebulo lake pamsika anthu akuona kuti asadzakhaleponso. Mwina ankathyoladi, mwina kunali kungoyankhula ngati mmene ife timanenera kuti bizinesi yagwa popanda chinthu chogwadi pansi, koma mawuwo okha akunena benchi lothyoka. Ngakhale banquet, phwando lalikulu lija, akuchokera ku banchetto, kabenchi kakang'ono koikapo zakudya.

Za ndege zija bambo a Chisomo, ameneyo ndi wa banja la kamtunda. Mukaona msewu wa tara pokhota kwambiri, mbali yakunja amaikweza pang'ono kuti galimoto isatayike, amati msewuwo ndi banked. Ndege nayo ikamakhota imapendeka, phiko limodzi m'mwamba lina pansi, ngati ikuyenda pa kamtunda kosaoneka.

Bambo a Chisomo, Lifuwu:

Zikomo kwambiri nonse, sindimayembekezera kuti mundipatsa zochuluka chonchi. Dzulo madzulo ndinamutenga Chisomo kupita naye kunyanja nthawi imene asodzi amakonza nyali zopita nazo ku usipa. Panali anyamata awiri akukoka bwato kulikweza pamchenga, ndinamuuza kuti awerengenso chiganizo chija ali chiimire pomwepo. Anawerenga, nkuyang'ana bwatolo, nkuyang'ana pamene tinaponda, kenako anati "ndiye kuti panopa taima pa bank". Tinakhala pansi pomwepo ndikumuwerengera zomwe mwalemba, za benchi lothyoka anandiuza ndibwereze kawiri, ndipo za nkhokwe anati akawafunsa agogo ake mmene ankailukira.

Pobwerera anandipanikizanso ndi lina. Akuti pa kalendala ya chaka chatha imene anatipatsa achimwene anga a ku Joni sanaonepo holide ya banki, koma m'buku lina kusukulu anawerenga kuti ku England kuli masiku otchedwa bank holiday ndipo anthu ambiri sapita kuntchito, ngakhale amene sagwira kubanki. Aphunzitsi, ameneyu nde wa banja liti, ndipo zinayamba bwanji kuti holide ya dziko lonse itchedwe ndi dzina la banki?