Jasmine wanga wa m'nyumba sakuchita maluwa, ndithandizeniko

Abale ndi alongo okonda maluwa, ndigawireniko nzeru. Ndili ndi jasmine mumphika wadothi pabalaza, kuno ku Kalongwezi ku Chipata. Ndi mtundu woyanga uja wa masamba ang'onoang'ono, umene mphukira zake zimayamba zapinki kenako n'kumasula maluwa oyera onunkhira. Akukula bwino ndithu, masamba ali biriwiri, nthambi zayanga mpaka pachitsulo cha katani, koma duwa ngakhale limodzi ayi. Zikundiwawa, chifukwa ndinamudzalira fungo lakelo.

Zenera limene ali layang'ana kum'mwera, ndiye dzuwa sililowa, makamaka nyengo yozizira ino pamene limadutsira chakumpoto. Kodi vuto lagona pamenepa? Pakhonde pathu pamawomba dzuwa lam'mawa, ndikhoza kumusamutsira pamenepo.

Ndinamvanso kuti mtunduwu umafuna usiku wozizira kwa milungu ingapo kuti uyambe mphukira. Ife mu Juni ndi Julaye timatseka mazenera dzuwa likangolowa, m'nyumba mumakhala mofunda. Ndizimugoneka panja kodi, kapena mphepo ya kuno imuwononga?

Nanga feteleza? Amalume akuti ndithire urea wotsala kumunda, koma ine ndikukayika. Urea ndi nayitrojeni, amachulukitsa masamba, ndipo masamba ndili nawo kale. D Compound wa chimanga angathandize? Ndithire wochuluka bwanji mumphika kuti ndisawotche mizu?

Za kudulira ndikuopa kudula nthambi zimene zikanabereka. Inu amene jasmine wanu amachita maluwa m'nyumba, mumadulira mwezi uti, ndipo mumathirira kangati pamlungu?