Galimoto ikumatentha pa jamu, thandizeni abale

Akuluakulu muli bwanji, ndili ndi ka Toyota Corolla kakale ka 1998 kakundisowetsa mtendere. Ndikakhala pa jamu pa mlatho paja polowa ku Old Town ku Lilongwe geji ya kutentha kwa injini imakwera mpaka pofiira, koma ndikangothamanga pa M1 imatsika yokha. Dzulo ndinaima ku Area 18 madzi akubwata, nthunzi tolotolo mu boneti. Makaniko wina anandisinthira chivindikiro cha redieta nkuchotsa thermostat (kavavu kotsegulira madzi injini ikatentha) koma palibe chasintha, ndipo fani sindikuimva kuzungulira ngakhale injini itenthe bwanji. Oilo sanasanduke ngati mkaka ndiye gasiketi mwina ikadali bwino eti? Ndiyambire pa fyuzi, relay kapena switch ya fani? Ndalama zandithera ndipo ndi yomweyi ndimaperekezera ana kusukulu.